Kampira kofiira ka mu Nokia ya achimwene

Wolemba: mnzanu wa Fomu 3

Ambiri mwa inu amene mwaima pa bolodi pano mukamva zoti gemu, maganizo amathamangira ku mpira wa pa foni ya tachi, kapena zowomberana mfuti zija zomwe zimadya bandulo ngati mbuzi yalowa m'dimba. Ine ndikuuzeni za gemu ina yakale, yosafuna intaneti, yosafuna mayunitsi, ndipo kukula kwake sikufika ngakhale megabyte imodzi. Dzina lake ndi Bounce Tales. Inatuluka mu 2008, enafe tisanabadwe, ena tili kumsana kwa amayi. Inapangidwa ndi kampani ya ku Finland yotchedwa Rovio, yomwe ija inatulutsa Angry Birds chaka chotsatira. Nokia nayonso kwawo n'ku Finland komweko, ndipo gemuyi inkabwera ili kale m'mafoni ake ambiri a mabatani.

Kwathu ili mu Nokia 2700 yomwe achimwene anasiya popita ku Joni.

Nkhani yake ndi yachibwana, musayembekeze zambiri. Kuli dziko lotchedwa Sky Bean Land, lokongola bwino, ndiye kwabwera chinthu cha makona dzina lake Hypnotoid, chomwe chatchera makina oyamwa mitundu yonse ya m'dzikomo ndi kuzunguza mitu ya okhalamo. Iwe ndiwe kampira kofiira, Bounce, ndipo ntchito yako ndi kukakonza zimenezi. Basi. Mawu ake amabwera m'Chingerezi pang'onopang'ono, ndipo chemwali wanga wa Sitandade 4 amangowadumpha osawerenga, koma amasewera bwinobwino.

Kukoma kwake kuli m'zala. Mabatani oyendetsera mpira ndi atatu okha: 4 kubwerera kumanzere, 6 kupita kumanja, 2 kudumpha. Ukamva choncho umati aa, zophweka izi. Dikira kaye, aise. Bounce alibe miyendo. Munthu wa mu gemu ngati Mario ukasiya batani sachedwa kuima, koma mpira umagubudukabe. Ukatsika chitunda mothamanga, sungaime pamene wafunira, ndipo kutsogoloko nthawi zambiri kumakhala minga kapena phompho. Amene munakwerapo njinga yopanda mabuleki abwino, yonyamula matumba awiri a kachewere potsika zitunda za ku Bembeke, mukudziwa zomwe ndikunena. Buleki umayamba kuiganiza uli pamwamba. Mu gemumu buleki yako ndi kudina batani la mbali inayo nthawi isanathe, ndipo ukadina kwambiri umabwerera m'mbuyo n'kugwera m'dzenje lomwe unalidumpha kale.

Koma liwiro lomwelo ndi lomwe umalifunanso. Pali malo ena oti ukafika pamphepete n'kudumpha uli chiimire, sufika tsidya. Uyenera kubwerera kaye, kukwera kachitunda ka m'mbuyo, n'kutsika mwamphamvu kuti ukadumphe patali. Tsiku lomwe aphunzitsi a Fizikisi ankatiphunzitsa zoti chinthu choyenda chimapitirirabe mpaka china chichiimitse, ine ndinangoti mumtima, ameneyu ndi Bounce.

Kenaka pamabwera zofuna mutu. Chitseko chatsekeka, ndipo chotsegulira chake chili pamwamba pomwe sungafike. Pafupi pali bokosi. Ulikankhe mpaka pansi pa khomalo kuti ukwerepo, koma ukalikankha mopitirira lagwera m'dzenje, ndiye yambiranso. Apa m'pamene gemuyi imafanana ndi bawo: wosewera bwino amawerenga kaye kumene nkhomo zikathere asanazinyamule. Anzanga ena amene ndinawabwereka foniyi amalephera pomwepa, chifukwa anazolowera magemu oti ukangodina msangamsanga wawina.

Ukapita patsogolo umakumana ndi ena awiri, ndipo pambuyo pake umatha kusanduka iwo. Woyamba ndi Bumpy, mpira wa mwala. Ndi wolemera, kudumpha kwake n'kochepa, koma amaswa makoma a miyala. Wachiwiri ndi Wolly, wopepuka ngati chibaluni, amadumpha kutali kwambiri, koma kumuwongolera m'mwamba n'kovuta moti amapitirira pamalo pomwe umafuna kutera. Ndiye funso la pa levulo iliyonse limakhala lakuti, apa pakufunika ndani? Ine ndimakonda Bumpy. Wolly amandinyansa, ngakhale popanda iyeyo malo ena sungafikeko. Chemwali wanga amati ndimakonda Bumpy chifukwa tonse ndife ouma mutu. Mwana wamwano ameneyu.

Pamalo pomwe timatchajitsa mafoni pali bambo wina yemwe ataona foni yathu anaseka n'kunena kuti iwo ankasewera Bounce yoyambirira, ya zaka za m'ma 2000 koyambirira. Imeneyo inalibe nkhani ya Hypnotoid. Unkangodutsa m'mikombero yonse kuti khomo litseguke, mpira unkakula ndi kuchepa, waukulu n'kumayandama pamadzi, waung'ono n'kumamira. Anandiuzanso za nambala 787898 yomwe ukailemba minga siikuphulitsa. Iwo amanyadira zimenezo. Ine sindikuonapo chokoma: ukachotsa minga ndiye watsala n'chiyani, kugubuduka chabe?

Malevulo akuluakulu a Bounce Tales alipo 12, kuphatikizapo ena 3 apadera omwe amatseguka ukatolera mazira okwanira. Levulo iliyonse ili ndi mazira 30. Ena ali panjira penipeni, ena anabisidwa m'makona moti ungadutse kakhumi osawaona. Kumaliza levulo sikufuna kuti utole onse, koma foni imasunga nambala ya omwe unatola, ndipo imakuonetsa nthawi iliyonse ukatsegula.

Achimwene anamaliza malevulo onse 12 asanapite. Nditayamba kuigwira foniyi ndinapeza manambala awo ali momwemo. Malevulo ambiri 30, ena 27, ena 28. Ndakhala ndikukwaniritsa amenewa limodzilimodzi, ndipo pano latsala limodzi lokha: levulo 9, pomwe iwo anasiyira pa 29. Nane ndimafika pa 29 pomwepo. Dzira lomwe linawakana iwo likundikananso ine.

Vuto n'lakuti foniyi si yanga. Ndi ya pakhomo, ndipo nambala yake ndi yokhayo yomwe achimwene amaidziwa. Kale ankaimba Lamulungu lililonse madzulo, ndipo uthenga woti atumiza kangachepe unkafikira pomwepo. Kuchokera pa Pasaka sanaimbe. Ena obwera kuchokera kumeneko akuti anasamuka malo ogwirira ntchito, ena akuti foni yawo inabedwa. Amayi sayankhulapo zambiri, koma foniyi amagona nayo kumutu, ndipo akapita kudimba amaimangirira pansonga ya chitenje. Batire lake linatupa, chivundikiro tinachimanga ndi mphira, ndipo m'nyengo yozizira ino ya kuno ku Dedza, chifunga chikangokuta phiri, moto sumachedwa kutha. Kukatchajitsa n'kulipira, komanso ndi ulendo. Ndiye ndikati ndisewere, ndimadziwa kuti kamzere kalikonse ka batire komwe ndadya kakanatha kudikirira foni ya ku Joni.

Tinagwirizana chonchi: ndimasewera Loweruka lokha, foni ikangochokera kotchaja, mpaka kamzere koyamba kazime. Kakazima ndimabweza. Tsiku lina amayi anandipeza ndili pa levulo 9 yomweyo n'kundifunsa kuti, "Kodi iwe, mpira umenewu sutopa nawo?" Ndinawaonetsa nambala ija n'kuwauza kuti, "Amayi, 29 ameneyu anasiya ndi achimwene." Anaiyang'ana nthawi yaitali ndithu, kenaka anangoti, "Usafufute."

Kufufuta kumeneko ndiye kukundidetsa nkhawa. Batani la 6 linayamba kulimba, ndipo nthawi zina foni imangozima yokha. Wokonza mafoni wina pa Boma anati kuti ichire afunika kuifulasha, kutanthauza kuti zonse za m'kati zichoka. Manambala a gemu sakhala pa simu khadi kuti uwasamutse. Amakhala m'foni momwemo. Amayi akuti kachewere akagulidwa bwino chaka chino agula foni ina yatsopano ya mabatani n'kuikamo simu yomweyi. Kwa iwo zikhala bwino, foni ya achimwene ikadzalowa idzawapeza. Koma mafoni atsopanowa sabwera ndi Bounce Tales, ndipo ngakhale akanabwera nayo, ikanayambira pa ziro.

Ndatsala ndi Maloweruka ochepa. Ndayesa kuswa khoma lililonse looneka lokayikitsa, ndayesa kudumphira m'mwamba paliponse pomwe pakuoneka kuti palibe kanthu, ndipo chemwali wanga wafika mpaka podziponya dala m'maenje kuti aone ngati pansi pake pali njira. Ndiye ngati kwanu kuli akulu anu, amalume kapena azakhali omwe anasewerapo gemuyi pa Nokia yawo, tawafunsireni za mazira a pa levulo 9, makamaka lomwe limavuta kupeza. Mundipeza nthawi ya buleki pakhonde la Fomu 3, mbali yomwe kumawomba dzuwa. Foni kusukulu sindibwera nayo, malamulo mukuwadziwa, ndiye mubwere ndi pepala mudzandijambulire.