Ulendo wa ku Khondowe ndi anyamata a mpira

Kuchemerera mpira kwa ife a ku Chitimba kumafuna miyendo yolimba. Anyamata athu ataitanidwa kukasewera ku Khondowe, tinanyamuka Loweruka tambala woyamba, asodzi a usipa akukocheza kumene. Galimoto panalibe, tinatsata msewu wa Gorodi, umene ukhota malo 20 pokwera phirilo, ndipo nyanja inatsalira pansi ngati nsalu yoyanika.

Tinapuma pa mathithi a Manchewe, pamene pali mapanga amene Aphoka ankabisalamo pothawa nkhondo za Angoni. Ana atamva zimenezi analeka phokoso.

Pamwamba ndi pamene Dr Robert Laws anakhazika mishoni ya Livingstonia mu 1894. Akulu ena kwathu anaopa kuti tikakangana ndi a mpingo wina, koma eni mudzi anatilandira ndi madzi ndi nthochi, ndipo pambuyo pake anatigonjetsa zigoli ziwiri kwa chimodzi.

Anyamata otopawo anafuna kugona komweko. Tinakana, pakuti m'mawa mwake linali Lamulungu, ndipo wansembe safika kwathu kawirikawiri. Tsono tinatsika ndi kuwala kwa mwezi, tikupemphera kolona, wopondedwa mwendo titamubereka mosinthana.