Khobidi la njovu ziwiri

Mphekesera imene siikalamba kwathu ndi ya ndalama zakale. Mukaimva lero m'minibasi ya ku Ndirande, mawa mukaipeza pa depoti ku Lilongwe itavala malaya ena. Akuti kuli azungu, ena amati Amwenye, ofunafuna khobidi loboola pakati lija la nthawi ya Chitaganya. Akuti m'kati mwake muli mekyule. Akuti ukaliyandikiza singano limaikoka, ndipo likangotero basi, umphawi watsazikana nawo. Wogulayo palibe adamuonapo ndi maso. Nthawi zonse amakhala mnzake wa mlamu wa munthu wina, ndipo amakhala atangochoka dzulo.

Amalume anga a ku Ntcheu nkhaniyi adaimeza yonse. Agogo pomwalira adasiya kachitini ka mkaka wa ufa, m'kati muli ndalama zachitsulo 43. Nditapita kukaona kumudzi, tsiku loti mawa lake ndibwerere ku Mangalande kumene ndimagwira ntchito yosamala okalamba, amalume adandiitanira kuseri kwa nkhokwe, kachitini kali m'thumba la jekete.

"Iwe, kumene ukukhalako ndiye kuli eni ake a ndalamazi. Ukagulitse bwinobwino, asakakupusitse. Denga ukuliona wekha. Ndikufuna malata mvula isanagwe."

Munthu sukana amalume kuseri kwa nkhokwe. Ndidalandira ndi manja awiri.

Chimene amalume sadaganizire n'chakuti ndalamazo zindikola ine. Ndikaweruka ku ntchito ya usiku tulo timavuta, ndiye ndinkazikhuthulira pabedi n'kumazisanja. Khobidi loboola lija, amene mudaliona mukukumbukira, lili ndi njovu ziwiri zoimirira ndi miyendo yakumbuyo, bowo lili pakati pawo. Theka lake lili ndi akadyansonga. Pa tiki pali duwa, pa sheleni mphalapala, pa ya masheleni awiri nkhwazi itagwira nsomba. Kuseri kwa zikuluzikuluzo kuli mutu wa Mfumukazi Elizabeth akadali mtsikana. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chidayamba mu 1953 n'kutha mu 1963, makolo athu atachikana mpaka ena kufera, koma ndalama zake zidayenda m'manja mwa anthu omwewo, ochikana ndi ochifuna chimodzimodzi. Ndidagula kagalasi kokuzira zinthu ndi kabuku ka timatumba tapulasitiki. Posakhalitsa ndinali nditasanduka wotolera ndalama zakale, ntchito imene kwathu tikadaitcha kusowa chochita.

Choncho Loweruka lina ndidakwera sitima kupita ku London, ku chionetsero cha ndalama zakale chimene chimachitikira m'holo ya hotela ina.

Ndinkayembekeza phokoso la msika. Ndidapeza bata ngati la m'banki. Matebulo ndandanda, lililonse ndi nyale yake, pamwamba timathireyi tansalu yofewa, ndalama iliyonse m'kachipinda kake ngati mazira. Ogula ambiri anali madala a imvi, kagalasi kali pakhosi, akuwerama ngati akufuna utitiri. Amayi anali owerengeka, akuda tinali owerengeka kuposa apo. Ndidayamba ndangoima pambali kuonera mmene anzanga akuchitira, poti safunsa anadya phula. Ndidaona kuti munthu satola ndalama asanapemphe, ndipo akaloledwa amaigwira m'mbali ndi zala ziwiri, osakhudza nkhope yake, chifukwa thukuta la chala limasiya banga limene silichoka. Ndidaonanso kuti kunenerera kulipo ndithu, koma kwa manong'onong'o.

Pa tebulo lachitatu mpamene ndidayamba kudera nkhawa malata a amalume. Panali mbale ya tindalama tobiriwira ta Aroma, ta nthawi ya mfumu Constantine, zaka 1,700 zapitazo. Mtengo wa kamodzi sunkafika ndi pa chakudya chamasana cha mu hotela yomweyo. Ndidafunsa ngati n'zenizeni. Wogulitsa adaseka nati zenizeni, kungoti Aroma adapanga zochuluka zedi, ndipo mpaka lero anthu akuzifukulabe m'minda. Eti ukalamba pawokha si mtengo. Nanga ngati Constantine akugulidwa motere, njovu zanga za 1957 zikathera kuti?

Wogulitsa za ku Africa ndidampeza pakona, bambo wachikulire wa zala zonenepa koma zaluso. Adayala nsalu, ine n'kukhuthula kachitini. Adazisankha mmene amayi amasankhira nyemba, osatha mphindi ziwiri. Kenaka adawerama n'kutulutsa bokosi la nsapato pansi pa tebulo. Abale, lodzaza ndi njovu zomwezo! Pamwamba adalembapo kuti imodzi mapeni 50, zitatu paundi imodzi.

Ndidalimba mtima n'kufunsa za mekyule. Sadandiseke. Adati funso limenelo si ine woyamba kubwera nalo, anthu a ku Zambia ndi ku Zimbabwe amamufunsanso. Makobidiwo adasulidwa ku Royal Mint kuno ku Mangalande, mamiliyonimamiliyoni, ndipo chitsulo chake ndi kopa wosakaniza pang'ono ndi zina. Adatenga maginito n'kugunditsa pa limodzi. Zii, osagwedezeka.

Pa mulu wonse adapatulapo imodzi yokha: sheleni ya Southern Rhodesia ya 1937, ya mutu wa Mfumu George VI, kuseri kuli mbalame yamwala ya ku Zimbabwe ija. Imeneyo inali siliva weniweni, pakuti siliva adasiya kumuika m'ndalama zimenezi mu 1947. Adaiyang'ana pa kagalasi n'kupukusa mutu. Agogo anali munthu waukhondo. Sheleni yawo ankaikwecha ndi phulusa monga ankachitira ndi mapoto, ndipo pa kagalasi nkhope ya mfumu inkaoneka ngati munda wolimidwa ndi ng'ombe. Kwa anthu awa kutsuka ndalama ndi mlandu waukulu kuposa kuidetsa. Yotsukidwa amangoiyeza pasikelo n'kulipira kulemera kwa siliva. Zonse pamodzi adatchula mapaundi 15, tikiti ya sitima imene ndidakwera inali yoposa apo.

Poona nkhope yanga adandikhazika pampando n'kundiphunzitsa mmene amaikira mitengo. Zinthu n'zitatu: zidapangidwa zingati, akuzifuna ndi angati, ndipo yako yaperepeseka motani. Pa kuperepesekako ali ndi makwerero awoawo, ndipo Chingerezi chake n'chonyenga. Akati Good ndiye kuti yatheratu. Akati Fine ndiye kuti yayenda kwambiri. Pamwamba pake pali Very Fine, kenaka Extremely Fine, ndipo pansonga pali Uncirculated, kutanthauza ndalama imene sidayendepo m'manja mwa anthu. Aamereka amachita kupereka malikisi kuyambira 1 mpaka 70, n'kuitsekera m'kabokosi kapulasitiki kosatsegulika.

Adatulutsa khobidi lina la njovu, la chaka chomwecho ndi langa, n'kuziika pafupi. Lake linali lofiira, lowala ngati langotuluka m'ng'anjo, makwinya a chitamba onse akuoneka. Mtengo wake unkagula anga onse n'kutsala tchenji.

Ndidaziyang'ana nthawi yaitali ndalama ziwirizo. Lofiiralo lidatha zaka zonsezi m'kabati ya munthu, silidagwirepo ntchito ndi tsiku limodzi lomwe. Silidagulepo mchere kwa Mmwenye, silidalowepo m'mbale ya chopereka, silidamangidwepo pansonga ya chitenje n'kuyenda mtunda wopita kuchigayo. La agogo lidachita zonsezo. Njovu zake zidasalala mpaka kutsala zithunzithunzi, ndipo bowo lidatetemera mbali imodzi, pamene pankadutsa chingwe, poti anthu opanda matumba ankazitunga ngati mikanda n'kuzimanga m'chiuno. Sindikuwanena azungu aja kuti n'ngopusa. Nzeru yawo ndi yolunjika: zoperepeseka zili mbwee, zosakhudzidwa n'zochepa, ndipo chochepa chimadula, kaya ndi ku London kaya ndi ku Lizulu tomato akasowa. Koma ine pa ziwirizo limene ndinkafuna kulimva m'dzanja ndi losalalalo. Lofiira lija ngakhale mwini wake saligwira.

Sindidagulitse. Ndidabwezera zonse m'kachitini, ndipo m'malo motuluka ndi ndalama ndidasiyako zanga, chifukwa m'thireyi ina ndidaona Kamuzu. Ndalama zoyamba za Malawi zidatuluka mu 1964, ndipo mutu wa Ngwazi adaujambula ndi Paul Vincze, mmisiri wobadwira ku Hungary. Pa sheleni adaikapo chimanga, pa ya masheleni awiri njovu ndi mwana wake, pa sikisi tambala. Kwacha ndi tambala zitabwera mu 1971, paundi imodzi n'kukhala K2, chimanga chija chidasamukira pa 10 tambala, njovu pa 20 tambala, tambala mwini wake n'kutsikira pa 1 tambala. Ndidagula sikisiyo, tambala amene adalira dzina la tambala lisanafike pa ndalama. Mwana wa ku Chilobwe lero mutampatsa 20 tambala angakufunseni kuti n'chiyani, ndipo wogulitsa mandasi angakuponyereni kumaso. Mwina mabokosi a nsapato a m'tsogolo akudzazidwa panopa m'madirowa mwathu.

Chovuta chidatsala n'kuimba foni ku Ntcheu. Ndidazengereza masiku atatu. Nditafotokoza zonse, za bokosi, za maginito, za phulusa la agogo, amalume adakhala chete mpaka ndidayesa netiweki yathawa.

"Ndiye kuti akuona kuti ndiwe mwana," adatero potsiriza. "Akudikira utope kuti uwapatse ulere."

Ndidati ayi amalume, ndaona ndi maso anga. Ndidawauza kuti kachitini ndigula ndine, pa mtengo wa malata, ndipo ndizitumiza pang'onopang'ono pakutha pa mwezi. Adavomera, koma m'mawu awo ndidamva kuti akundiyesa wochenjera, kuti ndapeza wogula weniweni ndipo ndikufuna kudya ndekha. Amayi adandiuza pambuyo pake kuti amalume adakadandaula kwa iwo motero ndithu.

Malata adakhoma mu Novembala, mvula yoyamba itagwa kale kawiri. Adakwanira zipinda zonse, khonde lokha ndilo likadali la udzu.