Mdzukulu Wanga Adafuna Kuuluka

M'nyengo ya mango ya chaka cha 2024, mdzukulu wanga wa zaka zisanu ndi zinayi adadzimangirira chitenje cha amake m'khosi, nakwera mumtengo wa mango umene uli kuseri kwa nyumba yathu kuno ku Migowi, nadziponya pansi atatambasula manja. Anzake aŵiri amene adali pansi akuti adamumva akufuula kuti, "Ndine Superman!" Chotsatira chake kudali kulira. Mkono wamanzere udathyoka, ndipo adakhala ndi chikhakha milungu isanu ndi umodzi.

Usiku umenewo amake, amene ndi mwana wanga, adagamula mlandu misozi ili m'maso. Adati mwanayu asadzapondenso ku vidiyo ya kumsika, ndipo timabuku take ta zithunzi titenthedwe. Ine ndidangogwedeza mutu kuvomereza. Koma nditagona tulo tidandithaŵa, pakuti ndidakumbukira mnyamata wina amene adachita zonga zomwezi zaka pafupifupi makumi asanu zapitazo. Mnyamatayo ndidali ine.

M'chaka cha 1975 amalume anga adabwera kuchokera ku migodi ya ku Joni. Boma lidali litaletsa Wenela kulemba anthu ntchito mu 1974, ndege itagwa ku Francistown ndi kupha Amalaŵi oposa 70, ndipo amuna ambiri adali kubwerera kumudzi. M'bokosi mwawo amalume adatulutsamo mabulangete, wailesi, ndi mpukutu wa magazini akale otchedwa African Film, amene ankasindikizidwa ndi kampani ya Drum. M'menemo mudali nkhani za Lance Spearman, amene tonse tinkangomutchula kuti Spear. Zithunzi zake zidali za anthu enieni ojambulidwa ndi kamera, mawu awo atalembedwa pambali pa pakamwa. Spear adali munthu wakuda ngati ife, wovala suti ndi chipeŵa, ndipo chigaŵenga chilichonse ankachigwetsa ndi chibakera chimodzi.

Chingerezi chathu chidali choperewera, choncho mkulu wanga wa Sitandade 8 ndiye ankatimasulira, ndipo pamene mawu amukanika ankangopeka zake. Tikamaliza kumvera tinkathamangira pachulu kukalumpha monga Spear. Chipsera chimene chili pachibwano changa mpaka lero ndidachitenga pachulu chimenecho. Bambo anga, munthu wosachuluka mawu, ataona magazi adatenga magazini onse aja nakolezera moto. Kodi ndidaleka? Iyayi. Ndidangophunzira kubisa. Tinkabwereka ena kwa ana a mudzi woyandikana nawo, nkumakaŵerengera m'munda wa nandolo. Moto uja udangotentha njira imene ine ndi bambo anga tikadadzera pokambirana za zinthu zimene zinkandikondweretsa.

Nditakula ndi kuyamba uphunzitsi, kudabwera nyumba za vidiyo. Achinyamata a lero mudziŵe kuti wailesi ya kanema ya dziko lino idayamba mu 1999, kotero kuti kwa ife akumudzi zenera loonera dziko lakunja lidali kachisakasa kotchinga ndi mphasa, ka mabenchi ndi jenereta yolira kuseri. Bruce Lee adamwalira mu 1973, koma m'misika ya ku Phalombe adali wamoyo Loŵeruka lililonse. Kudali Rambo, kudali Chuck Norris, kudalinso American Ninja ya mu 1985, imene tepi yake idatha mpaka nkhope za anthu kumaoneka ngati zili m'chifunga. Patapita zaka anyamata ena adayamba kuikamo mawu a Chicheŵa, ndipo msilikali wa ku America adayamba kudandaula za ngongole ndi ndiwo. Adali kuchita zomwe zija mkulu wanga ankachita pansi pa mtengo.

M'maŵa mwake ndidapempha mwana wanga kuti moto uyambe wadikira. Loŵeruka lotsatira ndidagwira mdzukulu wanga dzanja lamoyolo, tidapita limodzi ku vidiyo. Anthu adadabwa kuona mphunzitsi wopuma, wa imvi, akuloŵa m'kachisakasa. Sindikubisirani, owerenga anzanga, kuti zina zimene ndidaona zidandidetsa nkhaŵa. Phokoso lidali logonthetsa m'khutu, mpweya udali wochepa, ndipo pakhomo padalembedwa kanema wa usiku amene mwana sayenera kuyandikirako. Ana ena, ndidamva, amathera tsiku momwemo anzawo ali m'kalasi. Kholo lodandaula ndi zimenezi lisanenedwe kuti ndi lachikale.

Kanema amene tidaonera adali wa nkhonya ndi mateche, wopangidwa ndi ndalama zochepa. Magazi ake ankaoneka ngati madzi a tomato. Munthu amene adaphedwa poyamba adaonekanso pakati pa kanema atavala malaya ena. Pamene mwini nkhani adalumphira padenga, mdzukulu wanga adandikodola akuseka.

"Agogo, taonani chingwe! Amukoka ndi chingwe!"

Pobwerera ndidamufunsa kuti, "Nanga mnzanga, ngati uja amamukoka ndi chingwe, Superman wako amauluka bwanji?"

Iye adayankha mosakayika konse, "Superman alibe chingwe, agogo. Ndidayang'anitsitsa."

Pamenepo ndi pamene ndidaona pogona nkhani. Ife akuluakulu timanyoza makanema otchipa, nkumalemekeza odula. Komatu kanema wotchipa ali ngati dengu lolukidwa ndi wophunzira kumene: nsungwi iliyonse imaoneka pamene yadzera, ndipo mwana amazindikira yekha kuti ichi chidapangidwa ndi manja a munthu. Makanema aakulu a masiku ano, othera madola mamiliyoni ambirimbiri, amafufuta chingwe chija ndi kompyuta. Mwana wa zaka zisanu ndi zinayi amayang'anitsitsa, osapeza bodza, nakhulupirira.

Ku Uganda kuli munthu wina dzina lake Isaac Nabwana, wa ku Wakaliga m'mphepete mwa mzinda wa Kampala. Mu 2010 adatulutsa kanema wotchedwa Who Killed Captain Alex? amene ndalama zake sizidapitirire madola 200. Mfuti zake adazipanga ndi zitsulo zotola, ochita seŵero adali anansi ake, ndipo pamwamba pa zonse pamamveka mawu a munthu wothirira ndemanga zoseketsa. Anthu a m'maiko ambiri amamukonda kanemayu, ngakhale aliyense akuona poyera mmene adasokedwera. Mwana woonera zotere amatuluka akunena kuti, "Nanenso ndingathe kupanga." Mawu ameneŵa ndi amene ine ndikufuna kumva kwa mdzukulu wanga, osati akuti, "Nanenso ndingathe kuuluka."

Madzulo a tsikulo tidatenga timabuku take tija, tidakhala pakhonde. Ndidamuuza kuti Superman adabadwira papepala. Anyamata aŵiri a ku Cleveland, Jerry Siegel wolemba nkhani ndi Joe Shuster wojambula, ndiwo adamupeka, ndipo mu 1938 adamugulitsa kwa osindikiza pa mtengo wa madola 130 okha. Ena adalemera naye, eni ake nakhala zaka zambiri akuvutika. Ndidamuuzanso kuti Spider-Man adatuluka mu 1962 m'mitu ya Stan Lee ndi Steve Ditko. Mwanayo adakhala chete nthaŵi yaitali, kenaka adati, "Ndiye kuti ndi anthu basi?" Ndidati ndi anthu basi, okhala ndi pensulo. Adapempha kope ndi pensulo, ndipo mwamwayi dzanja lolembera lidali lamoyo.

Atajambula ngwazi yake adasoŵa mdani woti imenyane naye. Ndidamulozera phiri la Michesi, ndi kumusimbira za Napolo wa mu Malichi 1991, pamene madzi, matope ndi miyala ikuluikulu zidatsika m'phirimo ndi kukokolola midzi, anthu mazanamazana natayika. Iye mwini amakumbukira namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, ndi zimene zidaoneka ku Nkhulambe. Ndidamufunsa ngati pa masiku amenewo adaona wina akutsika kuchokera m'mitambo. Adati ayi. Amene tidawaona adali anthu a makasu ofukula anzawo m'matope, anyamata obereka nkhalamba kumsana, amayi ogaŵana ufa wotsala ndi alendo. Ngwazi ya m'kope mwake tsopano ili ndi njinga yakapalasa, khasu, ndi chingwe chachitali chokokera anthu m'madzi. Chovala chouluzika kumsana adachisiyabe, pakuti mwana ndi mwana.

Makolo anzanga, akale adati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imfotere yekha. Mwambiwu ndi woona, koma nyanga zina zimafota mkono utathyoka kale. Kuletsa kokha nakonso ndidakuyesa ndili mwana, ndipo ndaulula kale kumene kudandifikitsa. Njira imene ndaipeza muukalamba uno ndi yotopetsa pang'ono: kukhala pabenchi lomwelo ndi mwana, kuona chimene akuona, kukana poyera chimene chili chosayenera msinkhu wake, ndi kumuthandiza kufunafuna chingwe. Ndipo inu achinyamata, sangalalani nazo nkhanizi monga tidasangalalira ife, koma nthaŵi zonse muzifunsa kuti adapanga ndani, adapanga bwanji, ndipo akufuna kuti mukhulupirire chiyani.

Timabuku tija sitidatenthedwe. Amake adaika lamulo lakuti ku vidiyo azipita Loŵeruka masana okha, ndiponso ndi agogo ake. Chitenje chidabwerera kwa mwini wake. Mumtengo wa mango amakweramobe, koma potsika amagwira nthambi imodzi ndi imodzi, mango ali m'thumba.