Ntchito Yapezeka, Koma Kwina Sanayankhe

Abale anga a m'migodi, munthu wosowa ntchito amapempha Mulungu kuti amtsegulire khomo limodzi lokha, sapempha awiri. Tsono likafika tsiku lakuti bwana wina wati, "Udzayambe Lolemba," pamene mabwana ena amene unawalembera makalata akali kukuyembekeza kuti ukaonekere, mutu umaima, pakuti palibe anatiphunzitsa chochita pa nthawi yotere. Ine zinandionekera m'chaka cha 2016 muno mu Johannesburg, ndipo ndati ndikufotokozereni, chifukwa ambiri a inu mumaganizira za tsiku limene mudzatuluka m'mgodi ndi kukafuna ntchito ya kumtunda.

Chifukwa chimene sitinaphunzirire nkhani iyi nchosabisika. Atate athu amene anabwera ku Joni ndi Wenela sanali kusankha bwana. Eni migodi ya golide anapangana kalekale kuti asamalandane anthu pokweza malipiro, ndipo ntchito yonse yolemba anthu anaiika m'manja mwa mabungwe awo awiri: Wenela, wa maiko akutali monga kwathu, ndi Native Recruiting Corporation, imene inayamba mu 1912, ya anthu a dziko lino ndi a maiko oyandikira monga Lesotho. Munthu akapimidwa ndi dokotala amadinda chala pa pepala, nkhani yatha. Ndipo lamulo la 1911 linati wothawa ntchito kontirakiti isanathe wapalamula mlandu, apolisi amgwire. Chilango chimenechi chinachotsedwa mu 1974. Kotero m'magazi mwathu munalowa zinthu ziwiri: kuvomera msanga bwana akangotsegula pakamwa, ndi kuyesa kuti njira yokhayo yotulukira m'chimene wavomera ndiyo kuthawa usiku.

Ine ndinabwera ndi Theba mu 1987, kutatsala chaka chimodzi kuti kulemba anthu a ku Malawi kulekeke. Anzanga anabwerera, ine ndinatchona. Mapepala okhalira m'dziko lino ndinawapeza mu 1996, pamene boma linakhululukira anthu a maiko oyandikana nalo amene anali atakhalitsa kuno. Pambuyo pake ndinakhala mabalane pa mgodi wina wa kumadzulo kwa Joni zaka zambiri, kufikira pamene anachepetsa anthu, dzina langa nkupezeka pa mndandanda. Ndinatuluka ndi kandalama kotsazikira, ndi malilime anayi m'kamwa: Chichewa, Chizulu, Chingerezi ndi Fanakalo.

Malilime amenewo ndiwo anali katundu wanga wogulitsa. Pa 13 May 2016 khoti lalikulu la mu Johannesburg linalola kuti anthu a m'migodi ya golide odwala nthenda ya fumbi, imene madokotala amati silicosis, pamodzi ndi odwala chifuwa chachikulu, aimbe mlandu makampani monga gulu limodzi. Mbiri itamveka, madala ambiri amene anali atataya mtima anayamba kufunsa za ndalama zawo zakale, za chipepeso ndi za penshoni, ndipo maofesi a maloya, ngakhale amene sanali m'mlandu waukuluwo, anafuna anthu omasulira. Ndinalemba makalata atatu.

Ofesi yoyamba inali yaing'ono, ya maloya awiri, m'kati mwa tauni pafupi ndi khoti la majisitireti. Anandifunsa mafunso kamodzi kokha. Yachiwiri inali ku Braamfontein. Kumeneko ndinaonekera kamodzi, ndipo anati adzandiitananso kuti ndikakomane ndi bwana wamkulu. Yachitatu, ya ku Sandton, ya magalasi okhaokha, inangoyankha kuti kalata yanga yafika. Tsono Lachiwiri lina masana foni inalira: a ofesi yaing'ono ija, kuti ntchito ndi yanga, ndiyambe Lolemba.

Musaganize kuti ndinali pabwino poti nkudzikuza. Kandalama kaja kanali katatsala ka miyezi iwiri. Mwini nyumba sadziwa za intavyu, mwana wamkazi anali m'kalasi lomaliza la sekondale, ndipo kumudzi ku Ntcheu nyumba inaima yopanda malata chaka chachitatu. Mai a kunyumba atamva anaomba m'manja nati, "Abambo, mukudikiranso chiyani? Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Kavomereni lero lomwe, enawo muwaiwale." Amalume anga, amene anagwira mgodi zaka zoposa zanga, anali ndi nzeru ina: "Mphwanga, vomera. Lolemba ukayambe. Enawo akakuitana uziti mwana wadwala, upite ukaonekere. Akakupatsa zambiri, ungosowa. Ife timatero."

Mau a mai a kunyumba anali a mantha, ndipo mantha awo ndinawamvetsa, pakuti ndiwo amaona pansi pa thumba la ufa. Koma mau a amalume ndinawakana, ndipo ndikufuna kukhalitsa pamenepa, chifukwa nzeru imeneyi ndaimva kawirikawiri m'komboni.

Choyamba nchakuti maloya a mu Johannesburg amaoneka ambiri, koma amene amagwira milandu ya anthu a m'migodi ndi owerengeka, ndipo amakomana masiku onse m'makonde a khoti, namwera tiyi pamodzi. Amene wamthawa Lachisanu ndiye adzakhala pa benchi limodzi ndi bwana wako watsopano Lolemba. Ndiponso taganizani ntchito imene ndinali kufuna. Womasulira alibe fosholo kapena jekihama yoti aonetse. Chimene amagulitsa ndicho chakuti mau akalowa m'khutu mwake amatuluka osapindika. Munthu wotere akayamba ntchito ndi bodza la mwana wodwala, watsala ndi chiyani choti agulitse?

Kunalinso china chimene ndinachiphunzira pamene ndinali mabalane, pomasulira milandu ya anzathu ku CCMA. Masiku ano "inde" wa munthu wofuna ntchito ali ndi mphamvu imene chala cha atate athu chinalibe, pakuti amamanga mbali zonse ziwiri. Mu 2005 khoti la apilo la milandu ya ntchito, pa mlandu wotchedwa Wyeth v Manqele, linagamula kuti munthu amene wapangana kale za ntchito ndi kampani ndi wantchito ndithu ngakhale tsiku loyamba lisanafike, ndipo kampani ikasintha maganizo akhoza kukadandaula monga wochotsedwa ntchito. Tsono ngati lamulo likumanga bwana chifukwa cha "inde" wanga, kodi ine ndiyese "inde" yemweyo ngati malovu? Ndi zoona kuti palibenso wapolisi adzakugwira: lamulo la 1997 la Basic Conditions of Employment limati amene wagwira ntchito miyezi 6 kapena kuchepera apereke notisi ya sabata imodzi, wa pakati pa miyezi 6 ndi chaka masabata 2, woposa chaka masabata 4. Khomo lotulukira liripo, lotseguka masana. Nchifukwa chake kudumpha pa zenera kulibe tanthauzo.

Chimene ndinachita ndi ichi. Lachitatu m'mawa ndinavala jekete ndi kupita ndekha ku ofesi yaing'ono ija, osatuma foni. Ndinathokoza, ndipo ndinati, "Bwana, ntchito yanu ndaikonda. Ndikupempha zinthu ziwiri: mundilembere pa pepala zonse zimene mwanena, ndipo mundipatse kufikira Lachisanu la sabata la mawa. Pali ofesi ina imene inandiuza kale kuti idzandiitana, ndipo sindifuna kukuvomerani lero ndi mtima umodzi pamene wina uli kwina." Dzina la ofesi inayo sanandifunse, inenso sindinalitchule. Loya uja anandiyang'ana nthawi yaitali, thukuta lili m'khwapa mwanga, ndipo anati Lachisanu la sabata la mawa ndi kutali, koma andidikira kufikira Lachitatu nthawi ya 12 koloko. Ndinavomera. Munthu akakupatsa masiku, usamakangane nayenso za maola.

Potuluka pamenepo ndinaimbira a ku Braamfontein. Sindinawaopseze, kapena kukometsa nkhani kuti akundilimbirana. Ndinangoti ndapatsidwa ntchito kwina ndipo ndiyenera kuyankha Lachitatu. Ngati akundifunabe, kodi bwana wamkulu angandione tsikulo lisanafike? Anati ndibwere Lolemba. A ku Sandton anayankha mwaulemu kuti iwo ali ndi dongosolo lawo ndipo sangafulumire chifukwa cha munthu mmodzi. Ndinawathokoza ndi kupempha kuti achotse dzina langa. Mapanga awiri avumbwitsa, nanga atatu?

Masiku a pakatiwo ndinawerenga kalata ya ntchito monga momwe tinali kuwerengera matikiti pa mgodi, mzere ndi mzere: malipiro ndi angati asanadule ndi atadula, maola ndi angati, miyezi yoyesedwa ndi ingati, ntchito ndi yokhazikika kapena ya nyengo, ndalama ya UIF adzapereka kodi, ndikatumidwa ku Welkom kapena ku Klerksdorp ya basi atulutsa ndani. Lamulo lomwe lija la 1997 limati bwana apereke zotere polemba munthu akamayamba ntchito, kotero kupempha pepala si mwano iyayi. Amene akukwiya ukapempha pepala wakuuziratu za mawa.

Ndinakumbukiranso munthu wina amene anayenda njira yomweyi, yochoka pa mgodi kunka kwa maloya. Nelson Mandela atafika mu Johannesburg mu 1941 anayamba ndi ulonda ku Crown Mines. Walter Sisulu ndiye anamtengera kwa loya Lazar Sidelsky, amene anamlemba ukalaliki, ndipo mu 1942 anagonapo m'komboni ya Wenela, momwe atate athu anali kufikira. Atatsiriza kwa Sidelsky sanakhale pamodzi: anagwira kwa Terblanche and Briggish, kenaka kwa Helman and Michel, kenaka kwa H. M. Basner, kufikira mu 1952 pamene anatsegula ofesi yake, imene inadzakhala ya Mandela and Tambo ku Chancellor House mu Fox Street. Chimene chinandigwira mtima nchakuti poyang'ana maofesi a maloya iye anafufuzanso ndalama zimene anali kulipiritsa anthu akuda, ndipo anapeza kuti maofesi ena otchuka anali kuwadula mtengo woposa wa azungu. Ndinaona kuti pa intavyu si bwana yekha amene ayenera kufunsa.

Tsono Lolemba ku Braamfontein, bwana wamkulu atatha mafunso ake, ndinapempha kufunsa anga. Ndinati, "Bwana, mdala akapambana mlandu, ofesi imatengapo zingati? Nanga ine malipiro anga adzachokera pati?" Ndinali kudziwa kuti lamulo la 1997 la Contingency Fees sililola loya amene wapangana zolipidwa mlandu ukapambana kuti atenge koposa 25 pa 100 iliyonse ya ndalama zimene munthu wapata. Pa funso loyamba anayankha bwino. Pa lachiwiri ndi pamene panaoneka nyerere za m'kati mwa mkuyu. Ndalama ya pamwezi inali yoposa ya ofesi yaing'ono ndithu, koma kontirakiti inali ya miyezi 6, ndipo gawo lalikulu la ndalamayo linali lodalira chiwerengero cha madala amene ndingawabweretse kudzasaina. Kunena kwina, anali kufuna munthu woyenda m'mahositela ndi m'matchalitchi kukakoka anthu a kwathu, osati womasulira. Sindikuti anali akuba. Koma ine ndikudziwa chimene njala imachita ndi lilime la munthu amene amalipidwa pa mutu uliwonse: amayamba kulonjeza mdala wodwala ndalama zimene khoti silinanene.

Pano ndipatuke pang'ono, chifukwa nkhaniyi ikukhudza ambiri a inu ndi abale anu kumudzi. Mlandu waukulu uja unatha ndi pangano la R5 biliyoni limene khoti linavomereza mu July 2019, ndipo ndalamazo zinaikidwa m'manja mwa Tshiamiso Trust. Kulembetsa dandaulo kumeneko ndi kwaulere. Munthu akabwera ndi chikwama nati mumpatse ndalama kuti akulembetseni, mufunseni kaye amene wamtuma.

Usiku wa Lolemba tinakhala pansi ndi mai a kunyumba, mapepala awiri ali pa tebulo. Iwo anawerengera ndalama ya miyezi 6 ya uku ndi ya chaka chathunthu ya uko, naona okha pamene panali ufa wokhalitsa. Lachiwiri m'mawa, tsiku limodzi nthawi yanga isanakwane, ndinapita ku ofesi yaing'ono ndi kusaina. Masana omwewo ndinalembera a ku Braamfontein kalata ya mizere inayi, yothokoza ndi yowadziwitsa kuti ndalowa kwina, kuti asasungire malo munthu amene sabwera. Amalume anapukusa mutu nati ndataya ndalama chifukwa cha ulemu wa azungu, ndipo mpaka lero sanasinthe maganizo.

Kwa inu amene mukali pa mgodi pali zina ziwiri zimene ine sizinandikhudze koma inu zidzakukhudzani. Ambiri a inu chilolezo chanu chogwirira ntchito m'dziko lino chinalembedwa pa dzina la kampani imene ikukulembani, ndipo sichisamuka nanu mukapita kwa bwana wina. Tsono musanavomere kwina kulikonse, funsani bwana watsopanoyo ngati adzayendetsa za mapepala ku Home Affairs, ndipo zimenezo zilowe m'kalata. Chinanso, bedi la m'hositela limapita pamodzi ndi ntchito. Musapereke notisi kwa mabalane chifukwa cha mau a pa foni. Dikirani kalata yosainidwa ikhale m'thumba la jekete, ndipo muwerenge masabata a notisi yanu kuti tsiku lotuluka pa geti la mgodi ligwirizane ndi tsiku limene akukuyembekezani kwinako.