Za Cingwe Coimitsa Makina

Ife a kumudzi tidziwa kuti woluka licero akaphonya nsungwi imodzi, napitirira osaikonza, madzulo adzamasula nchito ya tsiku lonse. Mmera mpoyamba. Nzeru yomweyi ifunikanso m'nyumba zazikuru zopangiramo galimoto, koma siidza yokha. Munthu ayenera kuiphunzira.

Ku Japan, Sakichi Toyoda anapanga makina oombera nsaru amene anali kuima okha ulusi ukaduka. Caka ca 1937 mwana wace Kiichiro anayamba kampani ya galimoto ya Toyota, ndipo m'menemo Taiichi Ohno anakhazika mwambo umene lero auchula lean, ndiko kunena kugwira nchito kosataya kanthu. Iye anawerenga mitundu 7 ya kutaya, monga kudikira cabe, kunyamula katundu kosafunika, kupanga zoposa zimene ogula afuna, ndi kupanga zolakwika.

Pamwamba pa anchito anapacika cingwe. Yense woona colakwa, angakhale ali wamng'ono, aloledwa kucikoka; kapitao adza msanga, ndipo colakwaco cikapanda kukonzeka, makina aima. Pamenepo safunsa kuti, Walakwa ndani? koma afunsa kasanu kuti, Cifukwa ninji? kufikira apeza muzu wace.

Kapena tidzati, Umenewo ndi mtima wa anthu a ku Japan okha. Iai. Ku Fremont, m'dziko la America, kampani ya General Motors inatseka nyumba yace caka ca 1982. Mbiri yace inali ya kujomba ndi ya galimoto zolakwika. Caka ca 1984 inatsegulidwanso mogwirizana ndi Toyota, ndipo anchito ambiri anali omwe aja. Mazana a iwo anamuka ku Japan kukaphunzira, nagwira nchito pamodzi ndi eni mwambowo. Posacedwa galimoto zao zinawerengedwa pakati pa zabwino koposa za General Motors. Nyumbayo inatsekedwa caka ca 2010, koma tisaiwale cimene cinaonekamo.

Manja anali omwewo. Cosinthika ndi ici, kuti anaphunzitsidwa kuona colakwa, napatsidwa ufuru wakucinena. Wanchito wamantha abisa msomali wosalimba, ndipo wogwa m'ngozi ndiye wogula wosadziwa kanthu. Cifukwa cace tinena kwa eni nchito kuti nthawi yophunzitsa anchito siyotayika. Ndipo kwa ana athu omuka ku makina ku Blantyre kapena ku Joni titi, Mukaona colakwa, musaope kucinena pomwepo.