Mwana Sagula Nsima M'nyumba ya Atate Wake



Lamulungu lina la Mgonero m'chaka cha 2024, chaka chija mvula inadula chimanga chitangoyamba kumasula m'madera ambiri a chigawo chathu cha Tete, tinaona mayi ena okalamba, amasiye, atakhala pansi pa mtengo wa mango kunja kwa tchalitchi. Mapemphero atatha tinapita kukawalonjera.

"Agogo, bwanji lero simunalowe?"

Iwo anamasula mfundo ya nsalu yawo natulutsa khadi la zopereka. "Abusa, onani, miyezi isanu ndi umodzi simunalembedwe kanthu. Ndingadye bwanji za Mulungu ndili naye ngongole?"

Palibe mkulu wa mpingo amene anawaletsa. Mlandu unali wathu, pakuti sabata ya m'mbuyo mwake tinalengeza ndi pakamwa pathu kuti aliyense akonze khadi lake Mgonero usanafike. Ife tinkaganiza za malata a tchalitchi amene anali kudontha. Iwo anamva kuti mkate ndi chikho zikugulitsidwa. Usiku umenewo tulo sitinatione.

Tinatsegulanso 1 Akorinto 11, mutu umene timawerenga pa Mgonero uliwonse pochenjeza za kudya kosayenera. Kodi Paulo anali kudzudzula yani? Ku Korinto opeza bwino ankayamba kudya osadikira anzawo, ena mpaka kuledzera, pamene osauka ankakhala ndi njala ndi manyazi. Tchimo limene mtumwi analiloza linali kuchititsa manyazi amene alibe kanthu. Tinazindikira kuti chenjezo lija silinali kunena za agogo aja. Linali kunena za ife.

Tinakumbukiranso ubwana wathu. Pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, tinabwerera kuno ku Angonia kuchokera ku Dedza ndi ku Ntcheu kumene tinathawira nkhondo. Makolo athu ambiri analibe khadi ngakhale kalata ya umboni. Zina zinapsera m'nyumba, zina zinatayika pothawa. Akulu a mpingo sanafunse mapepala. Anafunsa ngati munthu anabatizidwa, ngati akhulupirirabe Yesu Khristu, ndiponso ngati wakhululukira mnzake. Funso lotsirizali ndilo linali lolemera, chifukwa pa mpando umodzi pankakhala anthu amene nkhondo inawasandutsa adani.

Sitikunena kuti gome la Ambuye lilibe mpanda. Katekisimu wa Heidelberg wa chaka cha 1563 amaphunzitsa kuti oyenera kufika ndi amene machimo awo awanyansa, koma akhulupirira kuti akhululukidwa chifukwa cha Khristu, nafuna kukonza moyo wawo. Wosalapa ndi wachinyengo amadzidyera chiweruzo. N'chifukwa chake ana athu amayamba aphunzira m'kalasi ndi kuvomereza chikhulupiriro, ndipo amene ali pa chilango amadikira kufikira atalapa. Chilangocho cholinga chake ndi kubweza munthu pa gome, osati kumutaya. Koma mpanda umenewu ndi wa kulapa ndi chikhulupiriro. Si wa ndalama, mtundu kapena chipani.

Kupereka ndi udindo wa Mkhristu aliyense, ndipo sitidzaleka kuuphunzitsa. Koma chopereka ndi kuthokoza kwa mwana amene wadya kale. Mwana sagula nsima m'nyumba ya atate wake.

Lamulungu lotsatira tinapepesa pamaso pa mpingo, ndipo pa Mgonero wina agogo aja analandira mkate ndi manja onjenjemera. Chimene chimatisautsabe ndi ichi: ndi angati anabwerera kwawo tsiku lija ife osawaona?

Tsono Mgonero ukamayandikira, inu akulu a mpingo, yenderani amene anasiya kufika, mumve chowaletsa. Inu amene mwakwiyitsana ndi mbale wanu, kayanjaneni gome lisanayalidwe. Ndipo inu amene khadi lanu lilibe kanthu, koma mtima wanu uli ndi njala ya Khristu, musakhalenso pansi pa mtengo. Lowani, malo anu alipo.

Chisomo cha Ambuye chikhale nanu nonse.