Kalata kwa mwana wopita ku Zomba

Wokondedwa mwana wanga,

Sabata yamawa ukukayamba maphunziro ku yunivesite ku Zomba. Za ndalama ndi za anzako oyenda nawo, amayi ako anakulangiza kale. Ine langizo langa ndi la m'kalasi, pakuti kumeneko aphunzitsi azikupatsani nkhani zoti mufupikitse kenako muperekepo maganizo anu.

Nkhaniyo uiwerenge kawiri. Ulendo woyamba cholembera chikhale pansi, ungomva chimene mlembi akufuna kunena. Ulendo wachiwiri, m'mphepete mwa ndime iliyonse lemba mfundo yake m'mawu atatu kapena anayi. Ukatero vindikira pepalalo, ulembe chifupikitso m'mawu akoako. Chiganizo choyamba chitchule mlembi, mutu wa nkhani ndi mfundo yake yaikulu. Zitsanzo ndi nthabwala zake uzisiye, ndipo maganizo ako adikire kaye panja.

Wakhalapo pabwalo la mfumu. Wodandaula akatha kufotokoza, nduna imabwereza zonse n'kumufunsa kuti, "Kodi ndi momwemo?" Akavomera m'pamene mlandu umapitirira. Nawenso ulembe moti mwini nkhani atawerenga chifupikitso chako avomereze kuti ndizo ananena, ngakhale ukukonzekera kumutsutsa.

Tsopano poyankha. Tiyerekeze nkhani ya feteleza wotsika mtengo, ndondomeko imene boma linayamba mu 2005 n'kuisintha kukhala AIP mu 2020. Mlembi akuti ithetsedwe chifukwa ikudya ndalama zambiri za boma. Usamulumphire poti kwathu kuno tinapindula nayo. Funsa kaye: ziwerengero zake wazitenga kuti? Ndi za chaka chiti? Pamene akuti zokolola zinatsika, mvula inagwa bwanji chaka chimenecho? Alimi eniake anawafunsa? Pomwe wanena zoona uvomereze. Pomwe umboni waperewera, loza ndime yake ndipo upereke chifukwa chako. Tsutsa mfundo, munthuyo umusiyire ulemu wake. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ukabwereka mawu a wina, uwaike m'mitengero ndipo utchule mwini. Kuwalemba ngati ako ndi umbava, ndipo kuyunivesite chilango chake n'chachikulu.

Luso lomweli ukaligwiritsenso ntchito pa zobwera pa WhatsApp: usagawire anzako nkhani imene sungathe kuifotokoza m'ziganizo ziwiri, kapena imene sukudziwa gwero lake.

Chifupikitso chako choyamba unditumizire pamodzi ndi nkhaniyo, ndidzaone ngati mlembi wamuchitira chilungamo. Uyende bwino, Mulungu akusunge.

Ndine bambo ako.